Chometeracho n'chabwino, koma pashopu paja sindidzapondaponso

Ndadikira miyezi itatu ndisanalembe, chifukwa ndikanalemba tsiku lomwe lija ndikanatukwana. Chometera ndevu chachitsulo chija, choikamo lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri, ndinachigula K18,000 pashopu ina kufupi ndi msika waukulu pa Mangochi boma. Tapulasitiki ta malezala awiriawiri tija tinali titanditopetsa. Ndevu zanga n'zopotana, ndikameta ndi timeneti pakhosi ponse pamatuluka tiziphuphu, ndiye ndi thukuta la kuno la mu October mukudziwa nokha mmene pamawawira.

Mnyamata wogulitsayo pakamwa m'potsekemera. "Ankolo, ichi ndi stainless, dzimbiri sichilidziwa, mudzasiyira adzukulu." Anandiikira kapaketi ka malezala 5 ngati basela. Kapaketiko kanali kokwinyika ngati kananyowapo n'kuuma, ndinaona ndithu, koma munthu sufunsa zambiri pa basela. Nditafunsa kametedwe kake anangoti, "Muzingodinikiza ngati zinazo."

Ndinachiyamba Loweruka, tsiku la chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga ku Namwera, ine ndiye nkhoswe ya kuchikazi. M'bandakucha ndili kubafa, ndapaka sopo, ndaika lezala loyamba. Silinkadula, linkazula. Ndinakumbukira mawu a mnyamata uja n'kudinikiza. Pansi pa chibwano ndinangomva kuti tsee, kenako magazi chuchuchu mpaka pachifuwa. Ndinasintha lezala, chimodzimodzi. Mabala atatu, limodzi lalitali ngati chala cha mkombaphala, ndipo silinkasiya kukha. Malaya oyera omwe mayi a kunyumba anandisitira usiku anathimbirira kolala yonse, anachita kukoleza makala kuti asite ena poti magetsi anali atazima. Galimoto ya abale inandisiya. Ndinawoloka mlatho wa Bakili Muluzi dzuwa litakwera kale, n'kukafika anthu a kuchimuna atakhala pamphasa akudikira ine, pulasitala ili pakhosi.

Madzulo ndinamasula timapepala ta malezala atatu otsalawo. Onse anali ndi timadontho ta dzimbiri m'mphepete mwenimweni modulira.

Lolemba ndinabwerera nawo. Mnyamatayo maso ali pafoni, osadzutsa n'komwe mutu. "Basela sabweza, ankolo. Ndevu zanuzo n'zolimba." Ine sindinapitire ndalama. Chinandipweteka n'chakuti ankadziwa kuti katoni ija inanyowa, koma anapatsa munthu chitsulo chadzimbiri choti akayendetse pakhosi, ndipo ngakhale pepani sanamutchule. Eni shopu ndinawafunsa kawiri, akuti ali ku Lilongwe.

Chometeracho ndikanachiponya mu Shire pakanapanda mdala wina wa kuchimuna amene anandikokera pambali tsiku la chinkhoswe lija. Iwo akhala akumetera chotere kuyambira ali kumigodi ku Joni. Atayang'ana khosi langa anati, "Bambo, chimene chija sadinikiza. Kulemera kwake n'kokwanira, dzanja lanu lingochiperekeza." Anandiuza kuti ndiziyamba ndafewetsa ndevu ndi kansalu koviika m'madzi otentha, thovu likhale lambiri, chogwirira ndichipendeketse kuti lezala ligone pakhungu pafupifupi madigiri 30, ndipo ndizikoka pang'onopang'ono motsata kumene ndevu zagonera. Pakhosi panga zina zimamera chopingasa, zaka zonsezi sindinkadziwa.

Ndinagula malezala a Super-Max pagolosale n'kuyesanso. Abale, kusiyana kwake! Kumangomveka kaphokoso ngati ukupala nsungwi, thovu likuchoka ndi ndevu zomwe, osamva kukoka. Patatha milungu itatu tiziphuphu tinayamba kuphwa, pano tatsala tiwiri titatu basi. Chifukwa chake n'chomveka: pa tapulasitiki tija lezala lakutsogolo limakoka tsitsi, lakumbuyo n'kulidula, ndiye limabwerera mkati mwa khungu n'kumakulira momwemo. Lezala limodzi limadulira pamwamba pa khungu. Lezala lililonse limandimeta katatu kapena kanayi, moti ndalama ya malezala a mwezi wonse siikwana n'komwe mtengo wa kapulasitiki kamodzi kabwino. Kapangidwe ka chometerachi n'kakale, mkulu wina dzina lake King Gillette anakalembetsa ku America mu 1904, ndipo changachi n'tizidutswa titatu tokha: chivindikiro, kambale kapansi ndi chogwirira. Palibe choti chingakusokoneze, bola pomanga uonetsetse kuti lezala latulukira mofanana mbali zonse.

Za stainless zija linali bodza. Pamazinga pomangira chogwirira utoto wonyezimira wayamba kusupuka, pansi pake pakuoneka chitsulo chotuwa. Madzi a pamjigo wathu ndi amchere, choncho ndikamaliza ndimachimasula, kutsuka, kupukuta n'kuchisunga kuchipinda osati kubafa. Ndikuona kuti chikhalitsa ndithu ndikamachisamala chonchi, ngakhale za adzukulu zija ndakayika. Sindibwereketsa aliyense, ngakhale mwana wanga wamkulu, ndipo malezala otha ndimaponya m'chitini choboola pamwamba kuopa ana.

Chometeracho ndikuchipatsa nyenyezi 4 pa 5, ndipo mlamu wanga ndamuuza kale kuti agule, koma kwina. Malezala pano ndimagula kwa mayi ena a golosale kufupi ndi chipilala cha wotchi cha Queen Victoria, amene amandilola kutsegula limodzi n'kuliyang'ana padzuwa ndisanapereke ndalama.