Foni ngati monitor: pa hot shoe, pa mkono wopindika, kapena pa cage?

Anzanga amene munajambulapo ukwati mukudalira kasikirini ka mainchesi 3 kakumbuyo kwa kamera, ululu wake mukuudziwa. Pamalopo zonse zimaoneka bwino, koma ukatsegula pa kompyuta kunyumba, nkhope ya mkwatibwi ili mbuu, fokasi inakagwira maluwa akumbuyo. Monitor yeniyeni, sikirini yapadera yoonerapo zimene kamera ikujambula, ndi yodula, pomwe foni ya mainchesi 6 ili kale m'thumba. Nkhani yagona pa kuikhazika kwake.

Chotchipa kuposa zonse ndi chopanira foni cholowetsa mu hot shoe, kangalande kaja kokhala fulashi. Ulanzi, Neewer ndi SmallRig onse amapanga zotere. Kamera ikakhala pa tripod, choikapo kamera cha miyendo itatu, monga pojambula ulaliki kapena msonkhano, sichivuta. Koma zopanirazi zili pawiri: cha sipuling'i ndi chomanga ndi bawuti. Cha sipuling'i chimafulumira, kenaka chimafooka osakuuzani. Changa chinalavula foni pa simenti mkati mwa perekaniperekani, ndikubwerera chambuyo kutsogolo kwa akuchikazi amene ankalowa akuvina. Galasi linasweka, ndipo mtima umandipwetekabe ndikakumbukira. Chiyambire tsikulo ndimagula chachitsulo, chomanga ndi bawuti.

Ngakhale chopanira chikhale cholimba, chimandidetsa nkhawa ndi hot shoe yeniyeniyo. Foni ya magalamu pafupifupi 200 ikaimirira pamwamba, ukamayenda imagwedeza kangalandeko uku ndi uku. M'menemo muli tizitsulo tamagetsi toyendetsa fulashi, ndipo pa Sony, Multi Interface Shoe ili ndi timano tating'ono kutsogolo tosafuna nkhanza. Komanso maikolofoni yasowa pokhala. Zopanira zina zili ndi cold shoe, kangalande konga hot shoe koma kopanda magetsi, pamwamba poti maikolofoni ikwerepo, koma nsanja ikatalika chonchi kamera imapepeluka m'manja.

Mkono wopindika, uja timati magic arm, umachotsa katundu yense pa kamera. Mbali imodzi umaumanga ku mwendo wa tripod ndi chopanira chotchedwa clamp, inayo ku chopanira foni, ndipo mazinga ake ndi omwewo a 1/4 inchi amene ali pansi pa kamera. Foni umaiika pamene maso akufuna, ngakhale kamera ili pamwamba pa mitu ya anthu. Chenjerani chimodzi: kachotsegulira kapakati kamamasula mfundo zonse nthawi imodzi, choncho yambani mwagwira foni.

Cage, chimango chachitsulo chozungulira kamera, ndiye mfumu pojambula uli chiyendere, poti ili ndi mabowo mbali zonse ndipo imateteza kamera. Mtengo wake ndi wokwera, ndipo zambiri zimapangidwira mtundu umodzi wa kamera. Ukasintha kamera, yatsala. Amene ndalama sizikukwana, musanyoze kachitsulo kakale konyamulira fulashi pambali, komanga pansi pa kamera. Kamakupatsani cold shoe pambali, hot shoe n'kutsalira maikolofoni.

Musanasankhe, ganizirani m'mene chithunzi chidzafikire pa foni, chifukwa zimenezi zimasintha zonse. Pa Wi-Fi, mapulogalamu ngati Canon Camera Connect, Lumix Sync kapena Creators' App ya Sony ndi aulere ndipo palibe chingwe, koma chithunzi chimachedwa pang'ono, nthawi zina n'kuima m'holo yodzaza mafoni. Poona ngati anthu akwana mu chithunzi ndi zokwanira; potsata fokasi ya munthu wovina, ayi. Njira yachingwe ndi kakhadi kotenga chithunzi pa HDMI ya kamera n'kuchipititsa ku USB, kolumikiza ku foni ya Android yolola OTG, kutanthauza kulumikiza zipangizo za USB ku foni. A iPhone nthawi zambiri amafunika chipangizo chapadera ngati Accsoon SeeMo, chomwe chimabwera ndi chopanira chake ndipo chimadya batire la NP-F. Ukangolowetsa chingwe, polowera pa micro HDMI pa kamera pamakhala pangozi, n'posalimba, ndipo apa cage yokhala ndi chogwira chingwe imabweza ndalama zake. Makamera ena amazimitsanso sikirini yawo HDMI ikalumikizidwa, ndiye yesani kunyumba, osati kutchalitchi.

Ine pano m'tchalitchi ndimamanga mkono ku tripod, foni ili pachingwe. Tikatuluka kupita kumadyerero ndimaisamutsira pa cage, ndipo dzuwa la Okutobala likafika pamutu ndimaivula chikuto chake kuti isatenthe n'kuchepetsa kuwala yokha.