GFS2 kapena OCFS2: liwiro ndi zolemba za okonza mapulogalamu

OCFS2 ya Oracle inalowa mu kernel ya Linux pa 2.6.16 ndipo GFS2 ya Red Hat inatsatira pa 2.6.19, zonse m'chaka cha 2006. Zonse ziwiri ndi ma file system, njira zosungira mafailo pa disiki, ndipo ntchito yake ndi imodzi, yolola maseva angapo kulemba pa disiki imodzi nthawi imodzi popanda kuwonongerana mafailo.

Zikayamba kuchedwa, gwero lake nthawi zambiri limakhala maloko. Seva ikafuna kusintha failo imayamba yapempha loko kudzera mu DLM, pulogalamu yogawa maloko pakati pa maseva, ndipo loko ikakhala m'manja mwa seva ina, inayo iyenera kutsitsira pa disiki zonse zimene inasunga isanaipereke. Maseva awiri akamalemba mosinthana m'foda imodzi, loko imangokhalira kupita uku ndi uku, moti ngakhale lamulo la ls -l, loonetsa mndandanda wa mafailo, pa foda ya mafailo ambirimbiri limatenga nthawi mpaka munthu kuyesa kuti makina aima. Mankhwala ake ndi amodzi konsekonse: seva iliyonse ipatsidwe foda yakeyake, ndipo disiki ilumikizidwe ndi noatime kuti kuwerenga failo kusasanduke kulemba.

Zimasiyana pamene mukufuna kudziwa loko imene ikuvuta. GFS2 ili ndi chikalata cha ma glock (maloko a GFS2) m'zolemba za kernel, chofotokoza mikhalidwe inayi ya loko ndi ndondomeko yotengera maloko, ndipo failo ya glocks pansi pa /sys/kernel/debug/gfs2 imaonetsa amene wagwira loko ndi amene akudikira. Chikalata chachikulu cha OCFS2 kwenikweni ndi mndandanda wa zosankha za mount, lamulo lolumikizira disiki. Lamulo la fs_locks mu debugfs.ocfs2 limaonetsadi maloko, koma wofuna kumvetsa zimene akuonazo amakathera mu code ya kernel, mu failo ya fs/ocfs2/dlmglue.c, ndipo kumeneko si kwa ongoyamba kumene.

Pa kuika, OCFS2 ndiyo yosavuta, chifukwa imabwera ndi o2cb, pulogalamu yakeyake yolumikizitsa maseva, failo imodzi ya cluster.conf ndi port 7777, ndipo mkfs.ocfs2 -T vmstore imakusankhirani miyeso yoyenera ma disiki a makina a virtual. GFS2 imafuna Corosync ndi Pacemaker (mapulogalamu oyendetsa gulu la maseva), fencing (njira yodulira seva imene yasokonekera) yoyesedwa bwino ndi journal (kaundula wa zosintha pa disiki) ya seva iliyonse, ndipo Red Hat imathandiza maseva osapitirira 16.

Pa maseva atatu osunga mafailo akuluakulu ochepa, ine ndingaike OCFS2. Koma ngati m'gulu mwanu muli munthu amene adzafufuze kuchedwa kapena kutumiza patch yokonza code, mupatseni GFS2, ndipo ayambe wawerenga chikalata cha ma glock asanakhudze china chilichonse.