Muwale wanga patatha miyezi 14

Mu Okutobala 2023 ndinadula nthambi zinayi za muwale m'munda mwa amalume ku Bembeke, iliyonse yonenepa ngati mkono, yondilekeza m'chiuno, n'kudzazizika kuseri kwa nyumba. Anzanga ankati ndidikire nyengo yobzala mitengo imene imayamba pa 15 Disembala. Amalume anakana. "Imeneyo ndi ya mbande za m'machubu, mphwanga. Muwale amazika mvula isanagwe, chilonda chiyambe chauma."

Ananena zoona. Zitatu zinagwira. Yachinayi ndinaiika pamene pamagwera madzi a padenga, ndipo pofika Febuluwale inali itawola kunsi. Muwale sufuna malo a lowe.

Mwezi wa Juni unandidetsa nkhawa. Nonse mukudziwa mmene kuno ku Dedza kumazizirira. Masamba onse anayoyoka, nsonga zanthete zinapsa ndi chisanu, mitengo n'kungotsala ngati zikhomo. Ndinakanda khungwa ndi chikhadabo, m'kati muli mobiriwira, mtima unakhala pansi. Musazule muwale chifukwa chopanda masamba m'chilimwe, ndi chikhalidwe chake. Chimene muyenera kuopa ndi mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola. Minga ya muwale siiziletsa, ndiye ndinatchinga ndi nsungwi.

Kumayambiriro kwa Seputembala umodzi unachita maluwa, tsamba ngakhale limodzi kulibe. Ngala zisanu zokha, zofiira psuu, pansonga za nthambi zotuwa. Unafulumira chonchi poti nthambiyo inachokera ku mtengo waukulu; wofesa njere amadikira zaka. M'mawa uliwonse cha m'ma 6 koloko kunkabwera choso, kakang'ono konyezimira pakhosi, n'kumalowetsa mlomo wake wokhota m'duwa lililonse. Kenako apumbwa ndi phokoso lawo, njuchi dzuwa likakwera. Nthawi imeneyi tchire limakhala litapsa, maluwa n'ngosowa, ndiye tizilombo ndi mbalame zimathamangira pomwepa. Mwana wanga wamkazi ankaiwala phala ali pakhonde kuonerera.

Wofuna nkhuni kapena milimo asavutike nawo. Mtengo wake ndi wofewa, wopepuka, n'chifukwa chake owotcha makala amaulambalala. Komanso umakula ndithu, choncho uzikeni kutali ndi khoma. Wina wanga ndinauyandikiza kwambiri ndipo ndidzausamutsa. Panopa mvula yagwa, itatu yonse yavala masamba, ndipo amalume andilonjeza nthambi zina zisanu ndi imodzi zoti ndidzazike m'malire a dimba.