MX yachiwiri kapena seva yamapasa

Seva ya maimelo ikazima, pali njira ziwiri zopulumutsira makalata. Yoyamba ndi MX yachiwiri, kutanthauza seva yothandiza kulandira makalata: mu DNS, kaundula wa maadiresi a pa intaneti, mumapatsa seva yaikulu nambala 10 ndipo yothandizira 20, poti ya nambala yaing'ono ndiyo imayamba kuyesedwa, kotero makalata amapita kwa yothandizirayo yaikulu ikalephera kuyankha. Imawasunga pamzere, mwachizolowezi masiku 5 pa pulogalamu ya seva ya maimelo yotchedwa Postfix, koma palibe angawawerenge kufikira yaikulu itadzuka, ndipo yothandizirayo ikapanda mndandanda wa maadiresi a olandira imasanduka khomo la spam, makalata osafunika. Njira inayo, seva yamapasa yokopera mabokosi onse a makalata, imalola antchito kupitiriza kuwerenga makalata, ngakhale imadya ndalama ndiponso imafuna chisamaliro chachikulu. Kwa ofesi yaing'ono ndikulangiza yoyamba, bola seva yothandizirayo ikhale kutali, pa magetsi ndi intaneti zosiyana.