Miyezi 11 tikusunga maimelo a ku ofesi ndi MailStore, zomwe ndaona

Ndimagwira za IT pa kabungwe kena ku Lilongwe, tilipo anthu 23 basi, ndipo pano patha miyezi 11 chiyikireni MailStore Server yoti izisunga maimelo athu onse. Nthawi yomwe ndimasankha ndinasowa munthu wakuno woti andiuze kuti zimakhala bwanji pakapita nthawi, ndiye ndati ndilembe zomwe ndakumana nazo mwina wina zimuthandiza.

Chomwe chinatipangitsa kuyamba kufufuza ndi ma odita. Anabwera kudzaona pulojekiti yomwe inatha kalekale nkufunsa imelo yomwe abwana anavomereza kuti tigule zipangizo kwa sapulaya wina yemwe kotesheni yake sinali yotsika kuposa ena. Imeloyo aliyense amaikumbukira kuti inalipo, koma mayi amene anailandira anali atasiya ntchito, ndipo nthawi imeneyo maimelo athu amatsikira pa laputopu kudzera pa POP3 osatsala pa seva, laputopuyo inafomatidwa nkupatsidwa munthu wina. Tinakhala sabata yathunthu tikusakasaka m'ma flash ndi m'mafayilo a pepala, sitinaipeze, ndipo nkhaniyo inalowa mu lipoti la ma odita. Zinandiwawa kwambiri chifukwa palibe amene anaba ndalama, umboni wokha ndi umene unasowa.

Titasamukira ku Microsoft 365 ndinayang'ana njira zitatu. Yoyamba inali yongokweza malaisensi kuti tizigwiritsa ntchito Purview ndi litigation hold, zida za Microsoft yomweyo zosungira maimelo kuti asadilitidwe, ndipo ndi yabwino ndithu, kungoti ndi ndalama ya mwezi ndi mwezi pa munthu aliyense ndipo ndi ya ma dollar, ndiye inu mukudziwa mmene forex ikusowera, komanso kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 bajeti iliyonse yomwe inali m'ma dollar inangofufuma tsiku limodzi. Yachiwiri inali Piler, yaulere ya pa Linux, ineyo ndikanaikwanitsa koma ndinaganiza kuti tsiku lomwe ndidzachoke pano adzaigwira ndani. Google Vault sindinaiwerengere poti sitili pa Google Workspace. Yachitatu inali MailStore, ya ku Germany, tauni ya Viersen, pano ili pansi pa kampani ya OpenText, imayenda pa Windows, laisensi umagula kamodzi potengera chiwerengero cha anthu kenako chaka ndi chaka umalipira ya ma update ndi support. Tinayesa kaye masiku 30 aulere aja kenako tinagula.

Kuyika sikunavute, masana amodzi zinali zitatheka. Ntchito yaikulu inali yotolera maimelo akale, ndinayenda desiki ndi desiki kufuna mafayilo a PST, momwe Outlook imasungira maimelo pa kompyuta, ena anali mu foda ya Downloads ena pa hard drive yomwe inali mu kabati ya akauntanti, onse pamodzi anakwana pafupifupi 140 GB koma atalowa mu archive, nkhokwe ya maimelo ya MailStore, anatsika kufika cha m'ma 80 GB chifukwa imelo imodzi yomwe inapita kwa anthu khumi imasungidwa kamodzi kokha, ndipo kwathu kuno aliyense amakonda kuika ofesi yonse pa CC ndiye mutha kuona.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Miyezi iwiri yoyamba ndinaitchera kuti izikoka maimelo kuchokera m'ma mailbox usiku uliwonse, ndimaona ngati zakwana. Tsiku lina mnzathu wa ku procurement anandiuza kuti wadilita mwangozi imelo yomwe inabwera m'mawa womwewo nkukhuthulanso Deleted Items, tinaipeza mbali ya Microsoft poti masiku anali asanapite, koma mu archive munalibe, chifukwa inabwera nkuchoka usiku usanafike. Apa mpamene ndinazindikira kuti kukoka usiku kumangosunga zomwe zatsala, ndipo munthu amene akufuna kubisa chinthu amadilita nthawi yomweyo sadikira mawa. Chofunika ndi journaling, kutanthauza kuti imelo iliyonse ikamalowa kapena kutuluka kope lake limapita kosungira mwini wake asanaigwire nkomwe. Pa Exchange Online, seva ya maimelo ya Microsoft 365, kope limenelo silingapite ku mailbox ya pa Exchange Online yomweyo, limafuna kwina kwapadera, ndiye tinayika MailStore Gateway kuti izilandira. Chiyambireni pamenepo palibe imelo yomwe ndinaifuna nkuisowa. Ngati mukusankha pulogalamu ina iliyonse, funso loyamba kwa wogulitsa likhale limeneli, ndipo muyatse journaling tsiku loyamba lomwelo.

Nkhani ya zaka zosungira ndi yomwe inatidyera nthawi kuposa pulogalamuyo. Ine ndimaganiza kuti tingosunga zonse mpaka kalekale nkhani yatha, koma loya wa bungwe anatikumbutsa kuti Data Protection Act ya 2024, yomwe akuyang'anira ndi a MACRA, safuna kuti uzisunga zokhudza anthu kupitirira nthawi yomwe ukuzifunira, ndipo m'maimelo athu muli ma CV, makope a ziphaso za unzika, mayina a anthu omwe timawathandiza kumidzi. Mbali inayi opereka thandizo ali ndi zawo, ndalama za boma la America lamulo lake ndi zaka 3 kuchokera pomwe wapereka lipoti lomaliza la zachuma, za European Union nthawi zambiri zaka 5 kuchokera pomwe alipira gawo lomaliza, ndipo anzathu a m'mabanki ndi ma forex bureau Financial Crimes Act ya 2017 imawauza zaka 7. Onani kuti kuwerenga kumayambira pomwe pulojekiti yatsekedwa, pamene pulogalamu imawerenga kuchokera pa tsiku la imelo, ndiye pulojekiti ya European Union ya zaka 4 imelo yake yoyamba iyenera kukhala zaka 9 kapena kuposa. Tinakhala pansi katatu ndi a finance ndi a HR mpaka tinagwirizana zaka 10 pa za ndalama ndi ma contract, ndipo za ofunsira ntchito omwe sanalembedwe zizichoka msanga. Tikakhala ndi mlandu pali legal hold yomwe imaimitsa kudilita kulikonse, tinaiyatsapo kamodzi pa nkhani ina ya ku labour ndipo inagwira bwinobwino.

Anzanga ku ofesi poyamba anaida MailStore, manong'onong'o anali oti ndiye kuti abwana aziwerenga maimelo athu. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo sindinaipeputse. Ndinawaitana nkuwaonetsa pa projector kuti aliyense amaona archive yake yokha, kuti tinatseka kuti ngakhale ine admin ndisamatsegule za munthu, ndipo ndikasintha zimenezo zimalembedwa mu audit log, kaundula wa zomwe zachitika mu pulogalamuyo. Pano omwe ankadandaula kwambiri ndi omwe amaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kudzera mu Outlook, poti kusaka imelo ya 2019 kumatenga masekondi ochepa.

Pali zomwe archive singakuchitireni. Makalata athu ambiri ndi opanga scan, ndipo scan ndi chithunzi chabe, ukasaka dzina la sapulaya lomwe lili mkati mwa invoisi yotero sulipeza, ndiye tinagwirizana kuti nambala ya invoisi ndi dzina la pulojekiti zizilembedwa pa subject. Vuto lalikulu kwambiri ndi WhatsApp. Abwana ali ku field amangoyankha kuti pitirizani pa WhatsApp, wina amatumiza lipoti pa Gmail yake chifukwa netiweki ikuvuta, zonsezo archive siziona. Mpaka lero ndikulimbana nazo, lamulo tinaika loti chilolezo chilichonse cha ndalama chitsatiridwe ndi imelo tsiku lomwelo, ena akutsatira ena ndimachita kuwakumbutsa sabata iliyonse.

Chinanso, poti seva ili mu ofesi mwathu momwemo udindo wonse ndi wathu. Magetsi akathima osazimitsa bwino makina database itha kuonongeka, ndiye tinaiika pa UPS ndi inverter. Archive nayo imafuna backup yake, Lachisanu lililonse kope limapita pa hard drive yomwe imakagona kunja kwa ofesi, ndipo miyezi itatu iliyonse ndimayesa kuibwezeretsa pa kompyuta ina kuti ndione ngati ikutseguka. Ngati kwanu kulibe munthu wochita zimenezi mokhulupirika, kuli bwino mulipire za pa cloud ngakhale zili zodula.

Mwezi watha ma odita anabweranso, anafunsa maimelo a ma tender atatu a chaka chatha. Ndinawapangira akaunti yongowerenga, anasaka okha, zomwe amafuna tinawatulutsira mu mafayilo a maimelo otchedwa EML zili ndi madeti ndi ma attachment ake, nkhomaliro isanakwane anali atapita pa nkhani ina. Laisensi ya support ikutha mwezi wa mawa ndipo ndapereka kale pempho ku finance kuti ayambe kufola forex ku banki.