Antivirus imodzi pa makompyuta atatu: zomwe ndaona patatha miyezi ingapo

Layisensi yomwe ndinagula chaka chatha ndi ya makompyuta atatu, onse a m'shopu yanga yotayipa ndi kusindikiza. Pulogalamu yake ndi imodzimodzi, koma machitidwe ake ayi. Pali tsamba lina lomwe makasitomala amakonda kutengako nyimbo: kompyuta ya pakauntala imalitseka ndi chenjezo lofiira, laputopu imalitsegula bwinobwino, pomwe yakale ya kuseri imachenjeza lero, mawa n'kukhala duu.

Ya laputopu ndiyo inandisangalatsa. Choipacho sichinali pa tsambalo, chimabwera ndi zotsatsa malonda zochokera ku maseva ena, ndipo zotsatsazo zimasinthasintha malinga ndi dziko lomwe muli, bulawuza yanu ngakhalenso nthawi. Anthu awiri angatsegule adiresi imodzi koma osalandira zofanana. Pa laputopu pali uBlock Origin, yomwe imatsekereza zotsatsazo zisanafike n'komwe, ndiye antivirus imasowa choti igwire. Galu sauwa ngati wakuba sanalowe kumpanda.

Kukhala chete kwa kompyuta yakale ndi nkhani ina. Ili ndi Windows 7, yomwe Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 January 2020, ndipo Chrome yake inaima pa mtundu wa 109, silandiranso zatsopano. Intaneti imaipeza kudzera pa hotspot ya foni, bando ikakhalapo. Antivirus ya masiku ano sidalira mndandanda wa mavairasi wosungidwa mu kompyuta wokha: ikakumana ndi adiresi kapena fayilo yachilendo imafunsa kaye ku maseva a kampani yake. Netiweki ikafooka funsolo silifika, mndandandanso umatsalira, tsamba n'kudutsa. Apa m'pomwe pulogalamuyi yandikhumudwitsa. Ikatsalira masiku angapo imangoika kachizindikiro kachikasu pakona pafupi ndi wotchi, koti munthu wotanganidwa ndi ma CV a makasitomala sangakaone.

Chenjezo lofiira la pakauntala nalonso si nthawi zonse limachokera kwa antivirus. Chrome ndi Firefox zimagwiritsa ntchito Google Safe Browsing, Edge ili ndi SmartScreen, zomwe zimachenjeza za masamba oopsa, ndipo mindandanda yawo siyenderana tsiku limodzi. Werengani dzina lomwe lalembedwa pa chenjezolo musanayamikire zomwe munalipira. Onaninso mu antivirus ngati kuunika masamba a HTTPS (aja adiresi yawo imayamba ndi https, omwe zamkati mwake zimabisika panjira) n'koyatsa. Kukakhala kozimitsa, pulogalamuyi siona zamkati mwa tsamba, imadikira fayilo itsike kaye.

Pofuna kudziwa ngati kompyuta ikuona kapena ayi, ndimatsitsa fayilo yoyesera ya EICAR. Ndi zilembo 68 zokha, zosavulaza, zomwe makampani a antivirus anagwirizana kuti azizigwira ngati vairasi. Makompyuta onse atatu anaigwira, koma yakale inaigwira itatsika kale, pamene enawo anaidula panjira. Adiresi ikandikayikitsa ndimaiika pa tsamba lounikira la VirusTotal, pomwe makampani oposa 70 amayankha pamodzi, ndipo ngakhale kumeneko si kawirikawiri onse kuvomerezana pa tsamba latsopano.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku antivirus imeneyi ndilibe nayo mlandu. Siichedwetsa kompyuta, ndipo mafulashi a ana a sukulu odzaza ndi vairasi yobisa mafoda ija imawatsuka msanga. Layisensi ikatha ndidzagulanso ya makompyuta awiri okha. Yakaleyo tsopano ndaichotsa pa intaneti, ingotsala ya kutayipa ndi kupulinta.