Mmisiri amene amatisamalira njinga za Loweruka ku Limbe

Ndinayamba kupalasa njinga ndili ndi zaka 51, adokotala atandiuza kuti BP yakwera kwambiri. Mpira ndinausiya kalekale chifukwa cha mawondo. Mlamu wanga wa ku Johannesburg ndiye ananditumizira njinga yakale yothamangira, ya magiya a Shimano ndi matayala opyapyala ngati chala. Sabata yachiwiri ndinalowa nayo m'dzenje ku Chigumula, gudumu lakumbuyo n'kupindika.

Amisiri atatu okonza njinga za kabaza anakana kuigwira, ndipo sindiwaimba mlandu. Matayala a njinga zathu zakuda zija salowa pa limu ya njinga yothamangira, ya saizi ya 700c, ndipo vavu yake yaing'ono ya Presta pampu wamba saigwira. Mnzanga wa kutchalitchi ndiye anandilozera kashedi ka malata kufupi ndi msika wa Limbe, komwe kuli mnyamata wina wodziwa njinga zamtunduwu.

Ndinaima pomwepo ndikuonerera ntchito yake. Anaigadabuza njingayo, n'kuzunguliza gudumu atagwira choko pafupi ndi limu. Paliponse pamene chokocho chakhudza anaikapo chizindikiro, kenaka n'kumamanga masipoko amodziamodzi, pang'onopang'ono, uku akuwagogoda ndi sipanala kuti amve kulira kwake. Panatha pafupifupi ola. Pomaliza gudumu linkazungulira mowongoka osakhudza mabuleki. Mtengo anali atanena kale asanaigwire, ndipo sanaonjezere kanthu. Pondipatsa njingayo anati, "Madala, mukaona dzenje muzinyamuka pang'ono pa chishalo, musamalilowere ndi thupi lonse." Kuchokera tsiku limenelo gudumu silinapindikenso.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti pakashedi pomwepo ndi pamene amakumana azibambo opalasa njinga Loweruka. Mnyamatayu amatsegula kusanache n'cholinga chotipopera matayala ndi kuthira mafuta pa tcheni, ndipo pa zimenezi salipiritsa. Timakhala asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu, tonse a imvi: aphunzitsi, wina anapuma ntchito ku banki, wina ali ndi shopu ya zida zomangira. Timadzera msewu wa ku Thyolo. Mpaka ku Bvumbwe timandondozana mmodzimmodzi chifukwa maminibasi sapatukira munthu. Tikapitirira msika wa ndiwo zamasamba uja, msewu ukapepuka, ndi pamene macheza amayamba, minda ya tiyi itayamba kuoneka. Mwezi wa Juni chiperoni chimatiumitsa zala, koma palibe amene amatsala pakhomo.

Kupalasa kunandithandizadi, BP inatsika ndipo lamba ndinabweza mabowo awiri. Koma chimene chimandidzutsa m'mamawa ndi anzangawa. Ife azibambo a msinkhu uno tikakumana kumakhala ku maliro, ku msonkhano kapena ku mowa, ndipo kumeneko munthu sunena zakukhosi. Pa njinga simuyang'anana m'maso, aliyense maso ali pa msewu, ndiye mawu amatuluka okha. Mmodzi mwa ife anaferedwa mkazi chaka chatha. Ku maliro tinangokhala naye chete. Patatha miyezi itatu, tikukwera chitunda china mbali ya Thyolo, tonse tikupuma mwawefuwefu, anayamba kundiuza za m'mene nyumba imakhalira zii madzulo, ndi kuti amaphikabe nsima ya anthu awiri. Ndinangochepetsa liwiro n'kumamvetsera mpaka pamwamba.

Zodandaula zilipo. Zipangizo za njinga zoterezi sasunga, amachita kuitanitsa ku South Africa, moti tcheni changa chitatha ndinadikira masabata atatu njinga ili pakhoma. Foni yake nthawi zambiri imakhala yothima, muyenera kupita nokha. Pokhala palibe, kupatula tayala lakale la galimoto, ndipo mvula ikagwa pakhomo pake pamakhala matope okhaokha. Kamodzi anandiikira tchubu chomatamata osandiuza, chinaphwa tisanafike ku Bvumbwe. Nditamuuza anapepesa n'kundipatsa chatsopano osalandira ndalama.

Ngati muli ndi njinga yothamangira imene yangopachikidwa m'nyumba chifukwa chosowa woikonza, pitani nayo kwa mnyamatayu pakati pa sabata kuti aione bwinobwino. Loweruka mubwere ndi helimeti, botolo la madzi ndi tchubu chapadera. Timanyamuka nthawi ya 5:30, ndipo wotsalira m'mbuyo timamudikira pamwamba pa chitunda chilichonse.